Anati Ankakonza Mafiriji

Esitele sadzamukhululukira mlembi wa mpingo chifukwa cha zimene ananena pamaliro a mlongo wake Lovemore ku Kamwendo. Lovemore anakulira m'munda wa fodya, napita kunja kukaphunzira sayansi. Kwa zaka makumi atatu ankaziziritsa zitsulo kuposa madzi oundana, kufufuza mmene magetsi amayendera m'kati mwake, ndipo anaphunzitsa anthu mazanamazana. Koma powerenga mbiri ya malemu, mlembiyo, osafunsako ndi wachibale mmodzi yemwe, anangoti, "Bambowa ankakonza mafiriji kwa azungu."

Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Esitele anadzambatuka pakati pa amayi olira, misozi itaumiratu.

"Abambo inu, matenda anamupha kamodzi, inu mwamuphanso kachiwiri! Bokosili silichoka pano mpaka mbiriyo muilembenso."