Dzanja la amayi pamwamba pa langa

Lero ndatsegula kabotolo ka sipiliti kuti ndipukute bala la mwana wanga, ndipo fungo lake landibweza kuchipatala chaching'ono cha kwathu, chaka chimene singano yosokera fodya inandibaya pachikhatho.

Dzanja linatupa mpaka kunyezimira. Amayi ananyamuka nane kuchokera m'chigafa cha fodya osasamba n'komwe, zala zawo zili bii ndi utomoni wa fodya. Adokotala anangoliyang'ana dzanjalo, n'kulankhula Chingerezi ndi anamwino, kenako anatola kampeni m'mbale yachitsulo.

Amayi anaphimba dzanja langa ndi lawo.

"Musanacheke, mundiuze kaye chimene mukufuna kuchita."

"Mayi, anthu ndi ambiri panjapo," anatero adokotala. "Ngati pali mafunso, abwere bambo ake kapena malume ake."

"Amenewo akusoka fodya. Wobereka mwanayu ndine, ndipo makutu ndabwera nawo. Mundiuze m'Chichewa."

Anamwino anayesa kuwakoka mkono, koma amayi sanasunthe.

Adokotala anabweza kampeni kaja m'mbale, n'kukoka mpando. Anafotokoza kuti mkatimo muli mafinya, andibaya kaye jakisoni kuti pachite dzanzi, acheka pang'ono pokha, ndipo sandidula chala.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, dzanja ndi lako. Wamva zimene anenazi?"

Ndinagwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Apo m'pamene anachotsa dzanja lawo, litasiya zidindo zakuda za fodya pakhungu langa.

"Tsopano chekani," anatero amayi.