Dziko lonse m'mutu mwa mana Ermelinda

Mana Ermelinda, akulu anga, anaona mapa a dziko lonse koyamba ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo anawaonera pa telefoni ya eni. Shikola anailekezera m'kalasi yachitatu, chaka chimene nkhondo inafika kumudzi kwathu, kumtunda kwa Zóbuè. Amayi anandibereka ine kumsana, mana anasenza mphika ndi mphasa, tinadzera m'mapiri kulowa m'Malawi. Abambo anatsala. Anati minda itatu ndi ng'ombe sizingakhale zopanda mwini, adzatipeza akakolola. Sitinawaonenso, ndipo kumene anagona sitikudziwa.

Tinakhala zaka zisanu ndi zitatu mumsasa wa othawa nkhondo cha ku Mwanza. Ine ndinaphunzira kuwerenga chifukwa mana ndiwo ankaima pamzere wa ufa ndi wa madzi m'malo mwa tonse. Titabwerera mu 1994, anakwatiwa ndi a Firmino, mlimi wa mbatata ya kachewere, munthu wofatsa. Mwana sanamuone. A Firmino atamwalira ndi chifuwa, abale a mwamunayo anatenga munda, ndipo mana anatsikira kumsewu, pafupi ndi chipata cha malire, namanga baraka ya malata akale. Ankaphika tiyi, kukazinga mazira, ndipo magetsi atafika anakhomera kukhoma thabwa la mabowo khumi ndi awiri loti anthu azidzazirapo moto m'matelefoni. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa ku Moatize, ndikusoka zovala pamsika, ndipo ndinkakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kukawaona mwezi ndi mwezi.

Odzamwa tiyi ambiri anali oyendetsa makamyau, magalimoto aakulu aja amene amaima mzere pa Zóbuè masiku awiri kapena atatu kudikira mapepala. Mmodzi wa iwo anali a Abudo, Msilamu wa ku Moatize amene ankanyamula simenti. Cha mu 2018 a Abudo ndi anzawo anagwidwa ndi masewera ena a pa intaneti. Pagalasi la telefoni pamaoneka dziko lonse, logawidwa m'zigawo zoposa makumi anayi. Osewera amakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi mtundu wake wa asilikali, wina ali pa Zóbuè, wina ku Beira, wina kutsidya kwa nyanja kumene simudzamuona. Mumasinthana. Ikafika nthawi yako umalandira asilikali, nuwaika pamene ukufuna, nuukira dziko loyandikana nalo, ndipo telefoni imachita mayere kuti ioneke mbali imene yagwa. Wopambana ndi amene watsala yekha.

Mana poyamba sankafuna n'kuyang'anako komwe.

“Nkhondo ndinaiona ine, a Abudo,” anatero. “Sinali ndi mitundu yokongola chonchi.”

Koma tsiku lina akuthira tiyi, maso awo anagwera pa mapa aja. Anafunsa kuti ife tili pati. A Abudo analoza chigawo chimodzi chakumunsi kwa Afrika.

“Nanga Malawi?”

“Momwemu, Dona Ermelinda.”

“Mukutanthauza kuti tinayenda masiku anayi, mapazi akuchucha magazi, osatuluka m'kabokosi kamodzi?”

Mana anaika ketulo pansi, napukuta manja, nayang'ana dziko lija nthawi yaitali.

Patapita milungu ingapo a Abudo anaitanidwa ku ofesi ya malire masewera ali pakati. Ukachedwa nthawi yako imakupitirira, ndiye anawasiyira mana telefoni. “Ikalira, dinani apa, muike asilikali pamene mwaona.” Inalira, nawapatsa asilikali asanu ndi awiri. Mana anawagawa ngati ndiwo pa ana ambiri, dziko lililonse mmodzi, kuti pasakhale wodandaula. A Abudo pobwera anapeza adani atalowa mbali zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Mana sanaseke. Sankakonda kuononga chinthu chimene asungitsidwa, ndipo nditapita mwezi umenewo anandiuza kuti ndiwapezere telefoni yagalasi, ngakhale yogwirapo kale.

Anaphunzira pabenchi la m'baraka momwemo, a Abudo akadutsa kawiri pamwezi. Phunziro loyamba linali loti asilikali asamamwazike. Woyamba kumene asankhe dera limodzi laling'ono, aunjike anthu ake onse kumeneko mpaka alitenge lonse, chifukwa wogwira dera lathunthu amalandira asilikali oonjezera nthawi iliyonse. Oseaniya ali ndi khomo limodzi lokha. Amerika wakummwera ali ndi awiri. Aziya ndi wamkulu, amakopa maso, koma a Abudo ankati ndi nyumba ya makomo ambiri, ukamatseka uku mbuzi zalowa uko. Anawaphunzitsanso kuti nthawi iliyonse azilanda dziko limodzi lokha lofooka, kuti alandire karita, khadi la mphoto, kenako aime. Makarita atatu ogwirizana amasinthidwa ndi gulu la asilikali, ndipo wopirira amasintha mochedwa pamene gululo lakula. Asaukire asanachulukire mnzawo kwambiri. Asayambane ndi anansi awiri nthawi imodzi.

Zonsezi mana anazigwira msanga. Chimene chinawavuta chinali chimodzi. Masewera akamayamba, telefoni imakumwazira asilikali m'maiko akutali, wina yekha kumpoto kwa Aziya, wina yekha ku Ulaya. Wanzeru amawasiya amenewo. Mana sankatha. Nthawi iliyonse ankachotsako awiri kapena atatu kutumizira wa yekhayekha uja, khomo la kwawo n'kutsala lopyapyala, ndipo ankagonja.

“Msiyeni ameneyo,” anatero a Abudo tsiku lina. “Ndi wotayika kale. Mukamamuthandiza mutaya ndi awa muli nawowa.”

“Anamuika kumeneko ndani? Si wanga?”

“Ndi wanu. Koma simungamufikire.”

Mana anazimitsa telefoni. Tsiku limenelo anatseka baraka dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachitepo, napita kukakhala m'tchalitchi mopanda anthu. Zimenezi anandiuza okha nditapita, tikusenda mbatata kuseri kwa baraka.

“Cândida,” anati, “ukudziwa kuti amayi ndinawasungira mkwiyo zaka makumi atatu? Titafika ku Mwanza ndinawapempha kuti tibwerere tikatenge abambo. Anakana. Ndinkati analibe chisoni. Anamwalira ine ndisanawakhululukire bwinobwino.” Anasenda mbatata ina mpaka kuimaliza. “Anali ndi ana awiri m'manja. Akanabwerera, ndani akanatsala?”

Ine za ulendo uja sindikumbukira kanthu, ndinali kumsana. Tinatsiriza kusenda, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Anapambana koyamba patatha miyezi isanu ndi iwiri. Anakhala phee ku Oseaniya, asilikali ataunjikana pakhomo limodzi lija, uku ena anayi akudyana ku Ulaya ndi ku Afrika. Atatopetsana, mana anasintha makarita awo natuluka. Oyendetsa makamyau amene anali m'baraka anaimirira kuzungulira benchi, mazira anapserera pamoto. Kuyambira pamenepo mbiri inayenda mumsewu wonse kuti pa Zóbuè pali mayi wa tiyi amene saphonya. Aliyense woyamba kumene ankamubweretsa kwa iwo. Sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Ankamuleka munthu aike chala pagalasi, kenako n'kufunsa kuti, “Ukalanda limenelo, ulilondera ndi ndani?” Ambiri ankabweza chala.

Mana anawapeza ndi matenda a shuga mochedwa. Iwo ankati ludzu ndi kutopa ndi za ntchito. Maso anayamba kuchita nkhungu, koma sanauze munthu. Baraka ankaidziwa ngati m'kamwa mwawo, ndipo telefoni ankangoiyandikiza kumphuno. Mu 2021 anaphonya mbaula poika ketulo, madzi owira anawakhuthukira paphazi. Bala silinapole. Ndinakawatenga kupita nawo kuchipatala, kumene anawadula zala ziwiri za kuphazi. Za maso dotolo ananena mosabisa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, mitsempha ya m'kati ndiyo yaonongeka, ndipo kuwala pang'ono kumene kwatsala nakonso kudzapita. Kunapitadi chaka chisanathe.

Anakhala kwanga ku Moatize. Munthu wozolowera mphepo ya kumapiri, kutentha kwa kuno kunawafooketsa. Fumbi la malasha sankaliona, koma ankalimva m'mano ndi pamphasa. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, phazi litasanjikidwa pampando, osapempha kanthu, osadandaula. Baraka tinaipereka kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo. Telefoni inalowa m'chitini cha mabatani pansi pa makina anga. Miyezi isanu inatha chomwecho. Ndikawalankhula ankayankha mwaulemu ngati mlendo, ndipo chimenecho chinkandiopsa kuposa bala.

Lachisanu lina a Abudo anafika akuchokera kumzikiti, atanyamula kathumba ka mapichesi a ku Zóbuè. Anakhala pansi pakhonde, nafotokoza za msewu, za amene wasiya ntchito ndi amene wakwatira. Kenako anati anyamata akufunsa kuti Dona Ermelinda abwera liti m'masewera.

“Musandiseke, a Abudo. Ndisewera ndi chiyani?”

“Dona Cândida ali ndi maso awiri.”

Ndinakana. Ndinati ine za maiko sindizidziwa, komanso ndili ndi madiresi a ukwati oti ndimalize. Pamenepo mana anayamba kutchula, ngati akuwerenga pemphero, maiko a m'masewera aja, lililonse ndi anansi ake, kuyambira kumpoto kwa Amerika kutsika, kuoloka kulowa mu Afrika, kukwera ku Ulaya. A Abudo ankatsatira pa telefoni yawo. Sanaphonye ngakhale limodzi. Ndinakatenga chitini chija.

Tinkasewera masana, ndikatseka makina. Ine ndinkawerenga: wofiira waika asanu ku Brazil, wobiriwira walanda Igupto, watsala ndi atatu. Mana ankamva kamodzi, n'kusunga zonse m'mutu, n'kundiuza poika chala. Tsiku lachitatu ndinaona dziko la mdani lili ndi msilikali mmodzi yekha pafupi ndi ife, ndipo chala chinangopita chokha. Ndinalilanda, ndinalandanso lina kuseri kwake. Nditawauza, mana anafunsa kuti pakhomo patsala angati.

“Awiri.”

“Nanga wobiriwira ali ndi makarita angati?”

Ndinali ndisanayang'ane n'komwe. Anali ndi asanu. Nthawi yake itafika anasintha, nalowa pakhomo pathu ngati madzi osefukira.

“Ndimati ndikuthandizeni, mana.”

“Iwe ukuona dziko limodzi chifukwa uli ndi maso,” anatero. “Uziyamba wawerenga makarita a anzako usanayang'ane chimene chikukukoma.” Anali atakwiya zenizeni, ndipo anandikalipira mpaka mwamuna wanga anatuluka kudzaona. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatunga madzi, ndinakalira kumeneko, chifukwa aka kanali koyamba chichokere ku Zóbuè kuti andilankhule ngati mng'ono wawo.

Pang'ono ndi pang'ono anayambanso kudya bwino. Ankafunsa nthawi, ankakumbutsa za mankhwala, ankatuma kuti tigule megasi a intaneti asanathe. Oyendetsa makamyau ena akadutsa pa Moatize amapatuka kudzawapatsa moni, ndipo woyamba kumene amakhala pamphasa, iwo n'kumamufunsa mafunso awo aja. Maso sanabwerere, ndipo phazi limatupa nyengo yotentha. Masiku ena safuna kusewera, amangokhala, ndipo ndinaphunzira kuwasiya.

Chaka chatha anati ndakula, ndiyenera kusewera ndi dzina langa. Koma sindikanatha kulimbana nawo uku ndikuwawerengera. A Jasmina, akazi a a Abudo, anavomera kubwera Loweruka masana kudzakhala maso awo. Ine ndinakhala mkati pamakina ndi telefoni ya mwamuna wanga, iwo pakhonde, chitseko chotseka kuti tisamvane. Ndinatenga Amerika wakummwera, ndinatseka makomo onse awiri, ndinalanda dziko limodzi limodzi monga anandiphunzitsira. Ena atatu amene tinkasewera nawo anagwa. Tinatsala awiri. Ndinapirira ola lathunthu, mpaka ndinaona ngati khomo lawo la ku Afrika lapyapyala, ndinatulutsa gulu langa lonse. Anali atasunga makarita. Anandizungulira kumpoto, nandidya dziko ndi dziko, mpaka msilikali wanga womaliza.

Nditatsegula chitseko ndinawapeza akupukuta thukuta ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija. A Jasmina anali akuseka chamumtima.

“Unayamba bwino,” anatero mana. “Unangofulumira kamodzi.” Kenako anatambasula dzanja kufunafuna ndodo yawo, nati ndiwaperekeze kuseri, chifukwa anakhala nthawi yaitali ndipo phazi layamba kuwawa.