Mitanda Itatu ya Inki Yofiira

Kope lija ndikadali nalo. Limakhala pansi pa sutikesi pamodzi ndi kalata ya ukwati wathu, ndipo pepala lakhaki limene ndinalikutira latha m'makona. Pa tsamba lina pali mafunso atatu ndi mitanda itatu yofiira. Analemba mayankhowo ndi mwana wanga woyamba, wamkazi, ali mu Giredi 3. Koma amene anamuuza zoti alembe ndine.

Inali nthawi ya nkhondo, titakhala zaka ziwiri m'nyumba ya kanselo ku Glen Norah, mu mzinda wa Halale. Bambo ake ankagwira ntchito yosankha fodya pa fakitale, ine ndinkasoka ndi kusamala ana awiri. Sukulu inali yodzaza, moti ana ankalowa magulu awiri, ena m'mawa, ena masana. Anthu ankathawa kumidzi ndi ana awo, ndipo Lolemba lililonse pakhomo pa ofesi ya ahedi pankakhala mzere wa azimayi opempha malo. Mwana akajomba sabata yathunthu popanda kalata ya kuchipatala, benchi yake ankaipereka kwa wina. Zimenezi aliyense ankazidziwa.

Tsiku lina masana ndikusita, mwanayo anakhala pakhomo ndi kope pamiyendo. Phunziro linali la banja. Kusukulu zonse zinali m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo iye ankalankhula Chishona kuposa ine, choncho ankawerenga funso kenako n'kunditanthauzira.

"Amayi, akuti kumusha kwanu ndi kuti. Ndiye kuti kumudzi."

Ndinamutchulira mudzi wa amayi anga, kuseri kwa phiri la Dedza, kumene ine ndinabadwira.

"Akuti mutupo wako ndi chiyani."

Mutupo ndi dzina la fuko, limene anzathu a kuno amatamandana nalo. Ndinamupatsa la amayi anga, monga nanenso ndinalilandirira.

"Akuti mwini wa banja lanu ndani."

"Amalume ako," ndinatero, osakweza ndi mutu womwe pa malaya amene ndinkasita.

Sindinaganize kawiri. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Kwawo ndi kwa mayi wake, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayiyo. Achimwene anga ankakhala ku Highfield, ankabwera panjinga Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Ndi iwo amene ananena kuti mwanayu ayambe sukulu ngakhale ndi wamkazi, ndi iwonso anamugulira sileti yoyamba. Akafika ankamuitana, n'kubisa siwiti m'dzanja, n'kumufunsa kuti, "Kwanu ndi kuti, mbumba yanga?" Akatchula mudzi wathu, dzanja linkatseguka. Ndiye mwanayo analemba mosangalala, poti mayankho onse anali oti akuwadziwa kale.

M'mawa mwake anabwera kuchokera kusukulu osalankhula. Anavula yunifomu, anaipinda bwinobwino ngati ya mwini wake, n'kukagona moyang'ana kukhoma. Sindinamukakamize. Madzulo ndinamukhazika pakati pa miyendo yanga kuti ndimuluke tsitsi, pakuti mwana ameneyu ankalankhula bwino ngati sakukuyang'ana m'maso. Ndili pa mzere wachitatu anayamba.

Aphunzitsi, mayi wamtali wovala magalasi, anatenga kope lake n'kuliwerenga pamaso pa kalasi yonse. Anamufunsa ngati mudzi umenewo ndi wa bambo ake. Iye anati ayi, ndi wa amayi. Mutupo? Wa amayi. Mwini wa banja? Amalume. Pamenepo aphunzitsi anatembenukira kwa ana aja.

"Mwana amene kwawo, mutupo wake, zonse ndi za mayi wake, timati ndi mwana wotani?"

Ana anayankha pamodzi, monga amayankhira matebulo a masamu: "Wopanda bambo."

"Ukawafunse amako kuti mwa amuna onse aja bambo ako ndi uti," anatero aphunzitsi, n'kumuchotsa pa benchi yachiwiri kumene ankakhala, kukamuika kumbuyo pafupi ndi chitseko, kumene bolodi limaoneka mbali imodzi yokha.

Ndinamaliza kumuluka.

Kunyozedwa sikunali kwachilendo kwa ife. Pa basi, pa mzere wogula palafini, tinali mabwidi, anthu obwera, opanda mudzi. Nkhondo itakula zinaonjezeka. Mayi woyandikana nafe, amene mwana wake wamwamuna anasowa usiku umodzi kupita kutchire kukamenya nkhondo, anandiuza pa waya woyanikira zovala kuti ife tikungodya za dziko lino pamene ana a eni ake akufa. Ndinkamva n'kulowa m'nyumba. Koma izi zinali zina. Izi zinalowa m'kope la mwana, ndipo zinalowa ndi mawu anga.

Lachitatu sanapite. Lachinayi ndinamuperekeza mpaka pa geti, koma atamva anzake akuimba dzina lija kuseri kwa mpanda, anandigwira chitenje osandisiya. Tinabwerera tonse. Lachisanu anati m'mimba mukumupweteka. Masiku atatu anali atapita, ndipo ndinkaona m'maganizo mwanga mzere uja wa pa ofesi ya ahedi.

Bambo ake ndinawauza Lachisanu madzulo atatha kusamba. Anatenga kope, analiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale Chishona cholemba sankachiwerenga bwino.

"Ndiye ine m'nyumba muno ndine ndani? Loja wongobwereka chipinda?"

"Si mmene ndinatanthauzira, abambo."

"Nyumba ino kanselo inalemba dzina la yani? La achimwene ako? Ndinalima munda wa amako chaka chathunthu, ndikugona m'kanyumba kodontha, aliyense akundituma ngati mwana. Ndinakwera sitima kubwera ku Halale kuti chikamwini chithe. Iwe wachinyamula m'sutikesi mpaka kukachitula kusukulu."

Ndinawapempha kuti apite okha akaonekere kwa aphunzitsi. Anakana. Anati kapitawo wachizungu samva za sukulu, ukachoka pa tebulo theka la tsiku upeza wina ataimapo. Zinali zoona, koma ndinadziwanso kuti mtima unawawawa, ndipo ankafuna kuti amene anawotcha tchire azimitse yekha.

Lamulungu achimwene atamva, anaimirira chipewa chili m'manja.

"Mawa ndili pa sukulupo. Mwana wa m'mbumba mwanga sangatukwanidwe ine ndili moyo."

Kwathu ndi momwemo. Mlandu wa mwana amakaimira ndi malume. Ndinangotsala pang'ono kuvomera, kenako ndinaona chimene chidzachitike: bambo wachikulire akulowa m'kalasi, aphunzitsi akufunsa ngati ndi bambo wa mwana, iye akuyankha monyada kuti ayi, ndine malume wake. Ana makumi anayi akumva.

"Achimwene, musapite. Mukapita inu ndiye kuti aphunzitsi aja ananena zoona."

Anandiyang'ana ngati sanandimve bwino. Chibadwire ndinali ndisanawaletsepo kanthu. Anakhala pansi, anamwa tiyi wawo, n'kunyamuka dzuwa likadali pamwamba.

Lolemba ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinabereka wamng'ono, ndinatenga kalata ya ukwati n'kuiika m'buku la nyimbo kuti isapindike. Mwanayo ndinamusiya kunyumba. Nditagogoda pa chitseko cha kalasi, aphunzitsi anasuzumira, n'kundiuza kuti ndidikire. Ndinaima pakhonde. M'kati ana ankaloweza tebulo la sikisi, kenako anawerenga nkhani ya m'buku mmodzimmodzi, kenako wina anamenyedwa rula chifukwa cha inki imene inatayikira pa desiki. Pawindo ndinaona benchi ya kumbuyo ija, malo a mwana wanga atakhalapo kale mtsikana wina wopanda yunifomu. Malole awiri a asilikali anadutsa mumsewu, ana onse anatembenuka, aphunzitsi anamenya patebulo. Ndinaima chomwecho mpaka belu la buleki.

Anatuluka akupukuta choko m'manja. Sanandilonjere. Ndinawapatsa moni m'Chishona changa chothyokathyoka, ndikuwomba m'manja monga amachitira akazi a kuno.

"Ndinu mayi wa uja wothawa sukulu?"

"Ndine, aphunzitsi. Ndabwera kudzapepesa. Mayankho aja ndinamuuza ndine. Mwanayu bambo ali naye, tinakwatitsa kutchalitchi." Ndinatulutsa kalata ija.

Sanailandire. Anangoiyang'ana ili m'manja mwanga.

"Pepala. Anapereka ng'ombe zingati kwanu?"

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndikanatha kutchula nambala iliyonse, ndani akanapita ku Dedza kukawerenga m'khola? Koma ndinanena zoona, ndikuganiza kuti akamva mwambo wathu amvetsa.

"Kwathu sitilowola, aphunzitsi. Ankhoswe a mbali ziwiri amakumana, mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo ana..."

"Ndiye kuti anangokutolani."

Aphunzitsi ena awiri amene ankamwa tiyi pakhonde anasiya kulankhula. Wamng'ono kumbuyo kwanga anayamba kulira, ndinamugwedeza.

"Mverani, mayi," anapitiriza. "Kwathu anawotcha. Amayi anga ali m'kipi, m'mudzi wa waya, amatuluka ndi belu n'kulowa ndi belu ngati ana awa. Koma mukandifunsa kwathu ndikuuzani, ndi manda a bambo a bambo anga ndikulozerani. Inu mulibe ngakhale mudzi woti munthu angawotche. Ndiye mukufuna ndisinthe buku la boma chifukwa cha anthu amene mwamuna amakwatiwa?"

Ndinafuna kuwayankha. Ndinali ndi mudzi, ndinali ndi manda, anali a amayi a amayi anga. Koma sindinabwere kudzawina mkangano. Ndinabwera chifukwa cha benchi.

"Sindikufuna musinthe buku. Ndikufuna mwana abwerere m'kalasi. Achite chiyani?"

Anandiyang'ana kanthawi, mwina ankayembekeza kuti ndikalipa.

"Alembenso. Mudzi wa bambo, mutupo wa bambo, mwini wa banja bambo. Mayeso a kumapeto kwa chaka yankho ndi limodzi. Mawa akapanda kubwera ndi kope, dzina ndikufufuta. Ofuna malo ndi ambiri, eni dziko."

Ndinathokoza. Ndinawombanso m'manja.

Madzulo amenewo ndinadikira bambo ake adye, kenako ndinaika kope patebulo n'kumuitana mwana. Ndinawafunsa dzina la mudzi wa kwawo ku Ntcheu. Pa zaka khumi za ukwati ndinali nditapitako kamodzi kokha, pamaliro. Anatchula, mwana analemba. Ndinafunsa fuko la bambo awo. Anatchula, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika pang'ono. Pa funso lachitatu mwanayo anaimitsa pensulo.

"Nanga amalume?"

"Lemba kuti ababa."

"Ndiye munandinamiza poyamba paja?"

"Sindinakunamize."

"Ndiye pano tikunama?"

Bambo ake ankandiyang'ana, akudikira nawonso. Ndinangofika Sitandade 4, sindinadziwe mmene ndingayankhire anthu awiri ndi mawu amodzi.

"Lemba chimene chikubwezere pa benchi," ndinatero. "Zinazo udzazimva ukakula."

Ndinamulowezetsa ngati tebulo la masamu. Ndikumusambitsa ndinkamufunsa, tikuyenda kupita ku geti ndinkamufunsa, mpaka dzina la mudzi wa bambo ake linkatuluka lokha osaganiza. Kope linabwerako atachonga mayankho onse atatu, popanda mawu ena alionse. Benchi yachiwiri sanaibwererenso. Anakhala kumbuyo kuja atatu pa malo a awiri, akupendeketsa mutu kuti aone bolodi, ndipo dzina lija anzake sanalisiye mpaka chaka chinatha. Masiku ena ankabwera malaya atang'ambika paphewa, ndinkasoka osafunsa zambiri. Koma sanajombenso ngakhale tsiku limodzi, ndipo anakhoza kupita Giredi 4.

Achimwene anakhala Malamulungu atatu osabwera. Lamulungu lachinayi ndinamva belu la njinga pa geti. Analowa, anapachika chipewa pa msomali, anakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse. Mwanayo anagwada kuwapatsa moni. Iwo anatambasula dzanja lofumbata.

"Kwanu ndi kuti, mbumba yanga?"

Anatchula mudzi wa ku Ntcheu. Anautchula msanga, momveka bwino, monga ndinamuphunzitsira. Atamaliza ndi pamene anazindikira, n'kutembenukira kwa ine.

Achimwene anatsegula dzanja, anaika siwiti ija patebulo, n'kufunsa bambo ake za kuntchito. Ine ndinapita kukayang'ana ketulo. Siwitiyo inakhala pamenepo mpaka madzulo, palibe anaikhudza, ndipo funso lija sanadzamufunsenso.