Chikopa cha Nkhunzi ya a Nzunga

Fabiano Nzunga anali kapitawo wa dibi kwathu kumapiri a Biriwiri, zaka zija nkhondo yachiwiri itangotha. Anali munthu wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo malaya ake ankanunkha mankhwala a nkhupakupa ngakhale m'tchalitchi. Kupatula kusambitsa ng'ombe, anali ndi ntchito ina. Ng'ombe ikafa, ankabwera ndi kabokosi ka timagalasi, n'kucheka nsonga ya khutu, n'kupaka kadontho ka magazi pagalasi. Galasilo linkapita kutali kwa azungu a ziweto, amene ankaliunika pamakina n'kunena chimene chapha ng'ombeyo. Anthu ankamuseka: "A Fabiano, azungu anuwo ndiwo zawasowa? Bwanji osawatumizira mwendo wonse?" Iye ankangomwetulira.

Bambo ake, a Nzunga akulu, anali Mngoni wakale, wa makutu oboola. Masiku amenewo mwamuna wa khola sankaikidwa m'manda ngati mlendo. Ankamukulunga m'chikopa cha ng'ombe yake. Nkhalambayo inali itasankhiratu nkhunzi yakuda yotchedwa Chiphaliwali. Inkaisisita palinunda n'kumati, "Chofunda changa ndi ichi."

M'chilimwe china cha dzuwa loswa mtengo, a Nzunga anatsikira kuli chete m'mamawa. Akazi asanatope ndi kulira koyamba, kunamveka kuti Chiphaliwali nayo yagwa m'khola. Dzulo lake inkadya bwinobwino. Tsopano inali gone, mimba itatupa, magazi akuda osaundana akuchucha m'mphuno.

Akuluakulu anagwedeza mitu mokhutira. "Yatsata mwini wake," anatero. "Yadzipereka yokha, osadikira nthungo."

Lazarus, mkulu wake wa Fabiano, amene anali atangobwerako kumigodi ya ku Joni, ananola mpeni. Anapeza mng'ono wake ataima pachipata cha khola.

"Achimwene, musaisende."

"Ukuti chiyani?"

"Magazi awa ndinawaonapo ku Bwanje. Amene anasenda ng'ombe yotere anatuluka zilonda zakuda m'manja. Amene anadya nyama yake tinawaika. Iyi ndi yowotcha, ndi chikopa chomwe."

"Iwe, dibi yakulowa m'mutu? Bambo ali gone m'nyumbamo, ukufuna apite osafunda?"

"Sindikufuna, achimwene."

"Ndiye suntha, tiphe ina."

"Khola lonse latsekedwa mpaka yankho la galasi libwere. Ndi lamulo."

Wina anati akapemphe ng'ombe kumudzi wina, koma akuluakulu anakana: chikopa cha khola la eni si chofunda. Apo mayi awo, a Nangozo, anatuluka m'nyumba ya maliro, maso ali psuu.

"Mwanawe, unakulira mkaka wa khola lino kapena wa azungu?"

"Mayi, lero ndikuika bambo. Sindikufuna mawa ndidzaike achimwene."

Lazarus anayesa kumukankha. Fabiano ananena kuti aliyense wokhudza nkhunziyo ndi mpeni akamunenera kuboma. Anthu ankaopa ndende, ndiye anabwerera m'mbuyo. Mawu amenewo ndiwo sanamukhululukire: mwana kuopseza abale ndi asilikali pamaliro a bambo ake.

Anacheka khutu, n'kupaka galasi lake. Nkhuni anatuta yekha, palibe amene anamunyamulirako ngakhale katsatsa. Pamene ena ankakumba manda, utsi wa nyama unakuta mudzi wonse, anthu atakhala ndi njala. A Nzunga anawakulunga m'mphasa. Amuna a zishango amene anabwera kudzavina ngoma anabwerera osaponda pansi ngakhale kamodzi.

Fabiano anapirira, akumati galasi lidzamuyankhira. Mvula inagwa, chimanga chinamera, yankho zii. Tsiku lina mzungu wa ziweto anabwera kudzayendera dibi, ndipo Fabiano anavula chipewa n'kumufunsa. Mzunguyo anakumbukira movutikira. Anati galasilo linafika magazi atawonongeka ndi kutentha kwa m'njira, ndipo sanaonepo kanthu.

"Tumiza lina."

"Bwana, ng'ombeyo ndinaiwotcha."

"Unachita bwino," anatero, n'kukwera galimoto lake.

M'kholamo simunafenso ng'ombe ina, ndipo m'mudzi simunadwale munthu. Fabiano ankaganiza kuti mwina ndi moto wake umene unatchinga. Abale ake anaona umboni wina: panalibe nthenda, nkhunzi inatsatadi mwini wake, ndipo mwana wopusa anailanda. Lazarus anasamutsira ng'ombe zonse ku Champiti, osamusiyira ngakhale thole. A Nangozo sanalawenso chakudya chochokera kunyumba ya Fabiano mpaka imfa yawo. Ana ankamutchula kuti Mwotchachikopa, ndipo dzinalo linamumatirira.

Ntchito sanaisiye. Anapitiriza kucheka makutu a ng'ombe za eni mpaka maso anachita khungu. Ine ndinkakhala naye pakhonde atakalamba, tikusenda nzimbe, ndipo nkhaniyi anaitchula kamodzi kokha.

"Akanati inali nthenda, bwenzi ndikugona tulo," anatero. "Akanati sinali, bwenzi nditapita kumanda ndi mowa, n'kugwada, n'kupepesa. Koma ndipiteko ndi mawu ati? Bambo akandifunsa kuti, 'Chofunda changa unachiwotcheranji?', ine ndiyankhe kuti galasi linawonongeka?"