Sizasi Yovulala

Dzulo kuchipatala, mtsikana wotiphunzitsa kugwira zinthu ndi zala za nyamakazi anandikulungira mphira pachogwirira cha supuni. "Chikanenepa chonchi, amayi, zala sizivutika kufinya," anatero.

Fungo la mphirayo linandibwezera pakhonde la ku Area 1, pomwe bambo anga ankasokera zovala. Pogwirira sizasi yawo anakulungapo chubu cha njinga ngati bandeji.

"Ababa, sizasi yavulala?" ndinafunsa tsiku lina.

"Eya mwanangu, kukazizira imamva kuwawa."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkaiyanika padzuwa kuti ichire. Iwo ankangomwetulira, akuwotha manja pasimbi ya makala.

Lero ndadya phala osataya, ndikuseka ndekha. Sizasi ija sinadwalepo. Zinkawawa ndi zala za bambo.