Thobwa langa ndi kontena ya Halima

Mayi anga, Mulungu awachitire chisoni, anandichenjeza ndili mtsikana tikuyanika chimera kuseri kwa nyumba. Anati: "Ukamaphunzitsa munthu ntchito yako, usamakhuthule thumba lonse. Kamodzi kazitsala m'chikhatho. Tsiku limene adzadziwe zonse ndi tsiku limene adzasiye kukupatsa moni." Mawu amenewo ndakalamba nawo, ndipo ndi amene ndinayamba kulongeza tsiku limene ndinavomera kupita ku Joni.

Ine ndine Abiti Daudi. Amene mumakwera minibasi pa depoti ya ku Mangochi mwina munamwako thobwa langa, la m'chidebe chobiriwira chija. Wondiitana ku Joni anali Halima, mdzukulu wanga amene ndinamlera ndekha mayi ake atamwalira. Anali atabereka mwana woyamba, mwamuna wake ndi wa magalimoto a katundu, sakhalitsa pakhomo, ndipo tchuthi cha Halima cha kuntchito chinali kutha.

"Anganga, bwerani mudzandigwirire mwana. Ndizikulipirani mwezi ndi mwezi, musachite manyazi."

"Manyazi ndinawasiya kalekale. Koma chidebe changa ndisiyira ndani?"

"Si alipo anti Patuma?"

APatuma ndi apongozi anga, mkazi wa mwana wanga Saidi, kwawo ku Chowe. Akhala pakhomo panga zaka khumi ndi chimodzi osagwirako mthiko wa thobwa. Yawo inali kutunga madzi ndi kutsuka makapu. Phala likaphulidwa, nthawi yothira chimera ikayandikira, ndinkawatuma kukagula machesi. Nditatsala pang'ono kunyamuka ndinawaphunzitsa, inde, koma ziwiri ndinasunga: kuti chimera china ndimayamba ndachikazinga pang'ono, ndiponso mmene ndimadziwira kuti phala lazizira mokwanira. Ndisabise. Ndinkafuna thobwa lawo lizimweka, koma womwayo azifunsa kuti Abiti Daudi abwera liti.

Joni ndi mageti. Tinkakhala m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni, zitseko zitatu usanaponde dothi. Munthu woyandikana naye khomo sindinamudziwe dzina mpaka kuchoka. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, azana yoitanira anthu kumzikiti kuimvera pa foni. Ndalama zinkabwera, sindingamunamizire Halima, ndipo zina ndinkatumiza kwa Saidi kuti akonze denga. Koma tsiku linkatha ndalankhula ndi khanda lokha.

Chifukwa Halima anali naye wake wolankhula naye. Ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ankagwirira pakhomo pomwepo, pa tebulo la pawindo. Mu laputopu mwake munali chinthu chimene amati AI. Iye ankachitcha wothandiza. Amachilembera, nthawi zina kuchilankhula ndi pakamwa, icho n'kuyankha. Ndinkangomumva Halima akuchiuza kuti: "Zikomo, wachita bwino." "Ayi, bwereza, walumpha apa." Mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga chitenje, amene kale sankagula ngakhale nsapato asanandifunse, tsopano chilichonse ankafunsa chimenecho. Tsiku lina khanda litatuluka tizilonda m'khosi, anayamba kufunsa icho, ine ndili pomwepo ndi mwanayo kumsana.

Ndinakhalapo pa mitala zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye nsanje musandiphunzitse. Chinthu chija ndinachitcha mkazi mnzanga.

Mdani umayenera kumudziwa. Tsiku lina mwana atagona ndinakoka mpando.

"Kodi mumanong'onezana chiyani tsiku lonse ndi mkazi mnzangayu?"

"Anganga inu! Tikumanga kontena."

"Ngati aja amagulitsiramo simenti ku msika?"

"Chimodzimodzi, koma ya m'kati mwa kompyuta. Vuto lathu ndi ili. Ndikalemba pulogalamu pa laputopu yangayi imayenda bwinobwino. Ndikampatsa mnzanga, kwa iye ikukana, chifukwa zida za mu kompyuta yake n'zosiyana ndi zanga. China n'chakale, china palibe, china chikulimbana ndi chinzake. Munthu akangolembedwa kumene ntchito ankatha sabata yathunthu akukonza kompyuta yake."

"Ankawakonzera ndani?"

"Bambo wina wachikulire, aMoyo. Zonse zinali m'mutu mwawo. Akadwala, tonse tadwala."

Tsono anandionetsa. Iye amauza wothandizayo zimene zikufunika, icho chimawerenga pulogalamu yonse n'kulemba fayilo imodzi, mndandanda wa chida chilichonse, mtundu wake weniweni, ndi chimene chiyambe ndi chimene chitsatire. Munthu akalemba lamulo limodzi lokha, kompyuta imadzimangira kachipinda kotseka, zonse zili m'malo mwake, chimodzimodzi kaya uli ku Joni kaya ku Lilongwe. Zakunja sizilowamo, zam'kati sizituluka. Kakawonongeka sakonza, amangokataya n'kumanganso, madzi a tiyi asanawire. Akamaliza amakayesa pa kompyuta ina imene sinagwirepo ntchitoyo. Ikakana, ndiye kuti pali chimene sichinalembedwe, ndipo amachisaka mpaka chipezeke.

"Chimene chili m'mutu mwa munthu mmodzi timachitenga ngati kulibe," anatero Halima. "Ndipo wothandizayu naye ndimamutsekera momwemo. Sangafike pa zithunzi zanga kapena makiyi a kampani."

"Ndiye sumukhulupirira?"

"Amalakwitsa, anganga. Dzana anandilembera chida chimene kulibe n'komwe, molimba mtima ngati shehe."

Apo mtima wanga unakhalako pansi. Mwana ndinamlera bwino. Koma ndinafunsanso: "Nanga aMoyo?"

"Alipo, akugwira zina."

"Alipo amene amawaimbirabe foni?"

Halima anangoseka. Ine sindinaseke. Bambo amenewo sindinawaonepo, koma ndinawapempherera.

Nthawi yonseyi aPatuma ankanditumizira mawu pa WhatsApp. "Amama, kuno kuli bwino, chidebe chikumatha isanakwane nthawi yopemphera swala ya masana." Ndinkati ndi ulemu chabe, akubisa manyazi. Ndinkawayankha kuti alimbe mtima, ndikubwera.

Chimene chinandigwetsa ndi thobwa lomwelo. Halima analilakalaka, poti ankayamwitsa. Tinapeza chimera kwa mayi wina wa ku Malawi, ndinaphika, ndipo linakanika. Ine, Abiti Daudi! Mbaula yamagetsi, poto wachitsulo, nyumba yozizira ngati m'chitsime. Loyamba linangokhala phala. Lachiwiri ndinalisiya nthawi yaitali, linasasa, moti Msilamu sangapatse mlendo. Ndinati vuto ndi madzi a kuno, kwathu limatheka.

"Aliyense amatero, anganga. Kwanga imayenda! Tiyeni tilimangire kontena."

Anakhala ndi laputopu kukhitchini, akundiwerengera mafunso a mkazi mnzanga.

"Akufunsa kuti chimera pang'ono ndi makapu angati."

"Umuuze kuti pang'ono ndi pang'ono. Kwawo sanamulere?"

"Akuti poto wake wa malita angati, ndipo phala lizizire mpaka pati."

Ndinkayankha mokhotakhota, koma chinthucho sichitopa ndipo sichikwiya. Munthu ukamunyoza amachoka, icho chimangofunsanso mwaulemu. Chinanena kuti poto timukulunge m'bulangeti chifukwa cha kuzizira, ndipo zinandiwawa kuti chinanena zoona. Mndandanda utatha, Halima anati tiuyese monga amachitira kuntchito. Ine ndikhale kuchipinda ndi mwana, chitseko chotseka, iye aphike yekha potsata pepala.

Linamweka. Koma silinali langa, ndipo mumtima ndinavina.

"Akuti mwina pali chimene sichinanenedwe," anatero Halima, akuyang'ana m'kapu. Kenako anapukusa mutu. "Kapena thobwa lanu linali lotere kale, anganga. Mwina ndinkangolikonda poti ndinali mwana."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena mosalingalira kapena unali msampha. Ndinaimirira ndi mwana kumsana.

"Lotere? Langa? Lemba! Pa makapu anayi a chimera, imodzi ukazinge mpaka inunkhire ngati mtedza. Ndipo usathire chimera mpaka chala chaching'onochi chikhale m'phala ukunena Bismillah katatu osachichotsa. Chikapirira kanayi, wachedwa."

Zimene ndinasunga zaka makumi anayi zinatuluka mpweya umodzi. Anagula kachipangizo koyezera kutentha, ine kuviika chala, iye kuwerenga nambala, ndipo Bismillah wanga anasanduka nambala pa pepala. Anaphikanso yekha, chitseko chotseka. Nditalawa ndinamva Mangochi m'kamwa. Halima analira, akuti wakumbuka mayi ake. Anaphikanso kawiri, ndipo kawiri konse linatuluka chimodzimodzi, ine osagwirako.

Ndinamugwira dzanja. "Lumbira kuti pepala ili silifika kwa aPatuma."

"Anganga, si a pabanja pathu?"

"Lumbira."

"Wallahi, sinditumiza."

Koma foni ndi foni. Kuyambira tsiku limenelo uthenga uliwonse wa aPatuma ndinkaumvetsera katatu, kusaka kunyada m'mawu awo. Mwana atayamba kuyenda n'kupeza malo ku sukulu ya mkaka, Halima anandipempha kuti ndikhalebe. Ndinakana. Ndinkafuna kukagwira wakuba.

Sindinauze aliyense tsiku lofika. Ndinatsika pa depoti cha m'mawa, dzuwa la kwathu litayamba kale kuluma, ndinaima kuseri kwa minibasi n'kumayang'ana. Chidebe chobiriwira chinali pamalo pake. Pambali pake panali china, chofiira. Akabaza atatu anali ataimika njinga, akudikira makapu. Mmodzi, amene wamwa thobwa langa kuyambira asanamere ndevu, anandiona.

"Anganga, mwasowatu masabata angapo! Munadwala?"

Chaka ndi miyezi isanu, iye akuti masabata.

APatuma anathamanga kudzandilandira chikwama, anagwada, ananditungira kapu. Ndinalawa ndili chiimire. Silinali langa ngakhale pang'ono. Chimera cha mapira, ndi kajinja kakumveka kumapeto kwa lilime. Ndipo linali lokoma. Dzanja likulemera polemba mawu amenewa.

Komabe ndinafunsa, poti ndinali nditalinyamula funsolo ulendo wonse. "Pepala lija anakutumizirani liti?"

"Pepala lanji, amama?"

"La Halima. La kaphikidwe kanga."

"Iii, ine ayi. Njira munandisiyira ija ndinayesa sabata imodzi, anthu ankasiya m'makapu. Ndiye ndinangobwerera ku ya amayi anga ku Chowe."

"Inu mumadziwa kuphika thobwa?"

"Kuyambira ndili kamtsikana."

"Osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Simunafunse, amama. Munkandituma machesi." Anaseka chogwira pakamwa. "Adakalipo, adzaza chitini chonse. Ndipo zokazinga zija fungo lake ndinkalimva ndili pa msewu. Ndinkangoti n'zanu, zikhale zanu."

Akabaza aja anaseka, osadziwa n'komwe chimene akuseka. Ine ndinakhala pa benchi, kapu ili m'manja.

Halima sanaphwanye lumbiro lake. Palibe anandibera. Ndinatseka chitseko zaka zonsezi, kuyang'ana pawindo, kuwerenga mapazi a anthu pabwalo, pamene kunjako kunalibe wofuna kulowa. Wondifunsa mwakhama za thobwa langa, mpaka kapu ndi chala, pa moyo wanga wonse anali mmodzi yekha, mkazi mnzanga wa mu laputopu uja. Ndipo naye sangalawe.

Musaganize kuti nsanje yatha. M'mawa uliwonse ndikamva zidebe ziwiri zikukwezedwa pa njinga, ndimasuzumira pawindo n'kuziwerenga. APatuma amandipatsa ulemu wonse, denga silidontha, Saidi akuti ndipume. Halima amaimba Lachisanu lililonse, ndipo akuti thobwa la pa pepala lija akuphikira anzake a kuntchito, ngakhale aMoyo anamwako. Ndiye kuti ku Joni thobwa la Abiti Daudi lilipo popanda Abiti Daudi, ndipo ku Mangochi Abiti Daudi alipo popanda womufunsa thobwa.

Pepalalo ndinabwera nalo, lili m'chikwama pansi pa bedi. Mayi anga anati wodziwa zonse amasiya kukupatsa moni. Sanandiuze kuti wosauzidwa kanthu naye amapeza njira yake, n'kukudutsa.

Ndimaphikabe kapoto kamodzi Lolemba ndi Lachinayi, kuseri kwa nyumba. Inu amene mwawerenga izi, mukadzafika ku Mangochi, funsani pa depoti nyumba ya apongozi ake a Patuma wa thobwa, poti ndi mmene akundidziwira masiku ano. Dzandioneni. Mugogode, ndipo musadabwe ndikayamba ndakusuzumirani pawindo, ndi chibadwa. Mudzamwe kapu imodzi, mundiuze zoona ngati langa likuposa lawo. Wonama ndimamudziwa ndi maso. Ndipo amene adzandifunse kuti ndimaphika bwanji, ndidzamuuza zonse, mpaka chala. Machesi sindidzamutuma.