Zikhatho pa Galimoto ya a Fikri

Ntchito yanga ndi yosita zovala, ndipo kashopu kanga kapenyana ndi galaja ya a Fikri m'kanjira kathu kuno ku Alexandria. Za galimoto ija sindinachite kumva kwa anthu ayi. Ndaikankha mpaka msana uwu unapindika, ndapuma utsi wake, ndipo malaya a makasitomala anga adetsedwapo ndi mafuta ake kosawerengeka.

A Fikri ankakonza mabasi. Galimotoyo anaigula ndevu zikadali zakuda, kwa Mgiriki wina wogulitsa thonje amene ankabwerera kwawo. Inapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndipo inafika m'kanjira kathu ikukokedwa ndi abulu, nkhuku zitaikiramo kale mazira. Iwo anati pakatha miyezi yochepa ikhala ikuyenda. Mwana wawo Insaf anabadwa, anakula, anakwatiwa, galimoto ili pa njerwa.

Zitsulo zake sizipezeka m'sitolo. Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankapita kumsika wa zakale kukafukula milu ya dzimbiri, n'kubwerako ndi kabawuti kamodzi m'thumba, nkhope ili mwee. Chikasoweratu ankasula okha. Akazi awo, a Zakiya, anadandaula mpaka pakamwa panatopa. Ankangoti, "Anzanga amalimbana ndi mkazi wachiwiri wa miyendo. Wanga ndi wa matayala, matayalawonso alibe."

Kenako matenda a shuga anawalowa a Fikri m'maso. Dokotala anawauza mosabisa kuti kuwala kukutha ndipo sikudzabwerera. Iwo sanalire, anangowonjezera changu. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kuiyendetsa okha, ndi manja awo, mumsewu wa m'mbali mwa nyanja, maso asanazime. Tikawafunsa za masowo ankakalipa.

"Ndikuona bwino kuposa iwe, Sabri. Kolala imene ukusitayo yapsa, ndaiona ndili pano."

Inali itapsadi. Koma lero ndimaganiza kuti anangoimva fungo.

Chaka chathachi injini inalira. Tonse tinali titasiya kalekale kuyembekeza, moti ena anayesa ndi jenereta. Penti anapaka woyera ngati mkaka, n'kumamupukuta ndi kansalu mpaka munthu kumadziona nkhope. Apa mpamene panabuka nkhani ya nkhosa. Kwathu kuno chinthu chatsopano chikalowa pakhomo, kaya ndi nyumba kaya galimoto, timapha nkhosa n'kugawira osauka nyama, ndipo wina amaviika chikhatho m'magazi n'kudinda pachinthucho kuti maso a ansanje asachiwononge.

"Iphani nkhosa, idyani, gawani," anatero a Fikri. "Koma dzanja la munthu lisakhudze penti wanga."

"Bambo a Insaf, kanjira konse kakhala kakuiponyera maso galimotoyi zaka zonsezi," anayankha a Zakiya. "Mukufuna mukagwere nayo m'nyanja?"

"Ndanena, ndamaliza."

Koma ife owadziwa a Zakiya tinadziwa kuti nkhani siinathe. M'mawa wa tsiku la ulendo tinaikankhira galimoto panja. Amuna awo ali m'mwamba kusamba ndi kuvala suti, mayiwo anaitana wopha nyama. Nkhosa itaphedwa, a Zakiya anadinda chikhatho pachitseko, china pa boneti, china pamwamba pa tayala lakutsogolo. Zikhatho zofiira piriwiri pa penti woyera, zoti munthu n'kuziona ali kumapeto kwa kanjira. Ine ndinabwerera kuseri kwa tebulo langa kukadikira phokoso.

A Fikri anatsika masitepe kiyi ali m'manja. Anaima pafupi ndi galimoto n'kuiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngakhale wogulitsa tiyi anasiya kugwedeza matambula ake.

"Sabri, tatuluka udzaone!" anaitana mokondwa. "Yayera mbee, yopanda ndi kadontho komwe. Mayi a Insaf, mwachita bwino kundimvera kamodzi kokha m'moyo wanu."

Palibe anaseka. A Zakiya anatembenukira kukhoma. Ine ndinalakalaka a Fikri akanakalipa, akanatitukwana tonse mmodzimmodzi.

A Fikri anatambasula dzanja kuti atsegule chitseko cha woyendetsa, zala n'kugwera pa magazi osauma. Anazibweza, anazinunkhiza. Kenako anawerama, kuyandikitsa nkhope pachitsekopo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, ndipo anakhala choncho kwa nthawi.

"Chilipo chimodzi chokhachi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Zilipo zinanso, bambo a Insaf," anayankha a Zakiya osatembenuka. "Zikuluzikulu. Aliyense akuziona."

A Fikri sanakalipe. Anazungulira galimoto akuipapasa ndi dzanja, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kudziponya pampando ngati munthu wotula katundu wolemera. Kenako anatulutsa dzanja pawindo, kiyi akulendewera pa chala.

"Kaitaneni mwamuna wa Insaf," anatero. "Mumuuze kuti giya yachiwiri imafuna kuinyengerera, asaikakamize. Ndipo aziyenda pang'onopang'ono. Ine ndikhala mbali ya kunyanja, ndizimvako mphepo."